Foni Yachiwiri ya Morgan

Nkhata Bay
14 Ogasiti

Okondedwa alamu anga a Felistus,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako ndipo ntchito ya kuchipatala ikuyenda. Kuno tili bwino, kupatula amayi amene bondo likuwavutabe. Mwera wawomba sabata yonse, usipa wasowa pamsika.

Ndikudziwa chimene chikukusowetsani mtendere. Mwamva kuti amuna anu ali ndi foni yachiwiri imene amabisa, ndipo mwauza ankhoswe kuti nkhaniyi ikambidwe mwezi ukatha. Musanatero, werengani kalatayi mpaka kumapeto, chifukwa amene anayambitsa mphekesera ija ndine.

Foniyo ndinaiona mu Juni. Ndikuchokera kophunzitsa masana, ndinapeza mlongo wangayu atakhala kuseri kwa ofesi yawo, mahedifoni ali m'makutu, akumwetulira yekha. Atandiona anaiponya m'thumba mwachangu. Sinali ija mumaidziwa ayi. Kanali kafoni kotchipa, kothetheka pakona, ndipo kumunsi kwake kunkalendewera kachingwe kokhala ndi kabokosi kotalika ngati chala.

Ndinaganiza zoipa. Ndinauza a Keziah, aneba athu, ndipo mukudziwa kuti zimene amva a Keziah zimafika ku Zomba basi isanafike. Iwo anawonjezera kuti kabokosiko n'kobisira mauthenga a akazi. Inunso munali mutandidandaulira kuti masiku ano Morgan amadula foni msanga. Zonse zinkagwirizana.

Loweruka lapitali Morgan ali kosamba, foniyo ndinaitulutsa m'jekete mwake. Mulungu andikhululukire. Simukhadi munalibe, nambala ya munthu ngakhale imodzi munalibe. Munali nyimbo zokhazokha: makwaya, malipenga, ndi zamagitala zimene malemu bambo ankakonda atabwera ku Joni. Sindinakhutire. Ndinati mwina simukhadiyo amachita kuchotsa. Anandipeza ndikufufuzabe.

Sanakalipe. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera, ndipo Lolemba ndinakafunsanso a Edwin okonza mafoni kumsika, kuopa kuti wandipusitsa. Nkhani yake ili motere. Nyimbo m'foni imasungidwa ngati manambala, ndiye pamafunika kachipangizo kosandutsa manambalawo kukhala mawu. M'mafoni otchipa kachipangizoko n'kofooka, mawu amatuluka otsika ndi osakanikirana, ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Kabokosi kaja, amati DAC, kamagwira ntchito yomweyo kali kunja. Mumakalowetsa pabowo lotchajira, mahedifoni n'kulumikiza kwa iko. Kuipa kwake kamadya batire, n'chifukwa chake anagula kafoni kapadera kuti ya kuntchito isamathe moto.

Anandiveka mahedifoniwo. Alamu, m'nyimbo ya kwaya ndinamva besi payekha, alito payekha, mpaka mayi wina akukoka mpweya asanayambe ndime.

Komabe mtima sunakhale pansi. Ndinamufunsa kuti nanga kubisa n'kwa chiyani, kodi nyimbo yasanduka tchimo? Poyankha anati ndikweze voliyumu ifike pamene amamvera iye. Ndisanafikepo ndinavula mahedifoni, mutu uli ng'wii. Iye anati kwa iye pamenepo m'pamene nyimbo imayamba kumveka.

Khutu lake lamanzere linayamba kufa chaka chatha. Pafoni sakumvani bwino, ndiye amangoti eya, eya, n'kudula, kuopa kuti muzindikira. Akuti mwamuna wa zaka 41 angayambe bwanji kuuza mkazi wake kuti akugontha. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Ndaphwanya lumbirolo, chifukwa kuli bwino andikwiyire kusiyana n'kuti banja lanu lithe ndi pakamwa panga.

Kuchipatala akukana. Ndamuuza kuti phokoso lotere liwononga ndi khutu latsalalo, iye akungoseka. Inu ndinu namwino, ndipo ndinu nokha amene amakumverani.

Sindikuti mundikhulupirire, poti ndinakusocheretsani kale kamodzi. Ndikungopempha kuti mubwere ankhoswe asanakumane. Foniyo mudzaifufuze nokha, mahedifoninso mudzavale. Mukatero mudzakhale kumanzere kwake, mumutchule dzina motsitsa mawu, mudzione nokha.

Mundiperekere moni kwa amayi anu ndi onse a kwanuko. Ambuye akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira. Yewu.

Ine mlamu wanu wolakwa,
Masuzgo