Ndaseka M'galimoto ya Malemu

Lachinayi, Novembala. Tsiku lolemera, mitambo bii koma mvula osagwa.

Abale a malemu amuna anga akadali m'nyumba muno, akuti namfedwa sakhala yekha. Mabuku athu alongedza kale m'makatoni.

Masana ndinabisala m'galimoto kuti ndilankhule ndi Mayi Gondwe, mlangizi wanga wa pa intaneti. Anandisiya ndilire, kenaka anati ndiwauze za Yona, malemu amuna angawo. Nditanena kuti ankapsereza ngakhale phala, tinaseka.

Mmodzi wa alamu anga anamva. Anagogoda pagalasi.

"Mlamu, mukuseka ndi ndani? Manda sanaume n'komwe."

Ndinawaonetsa nkhope ya mayiwo pafoni yanga, sanayang'ane. Akuti mawa banja likhala pansi kukamba za nyumbayi, ndipo foni aisunga iwo. Panopa akunong'onezana pakhonde. Ndamva dzina langa, kenaka mawu oti chibwenzi...