Mtaliyana akufuna ndimulire ali moyo

Aphungu,

Woyamba kundiuza za munthuyu anali mwana wanga Enifa, yemwenso akundilembera kalatayi, poti ine sukulu ndinangoidutsa panja. Anandiitanitsa kuno ku Erdington chaka chatha, 1995. Iye ndi nesi kunyumba yosungirako okalamba. Tsiku lina anaweruka akuseka, amvekere, "Amayi, kuntchito kwathu kuli nkhalamba yomwe yafapo maulendo makumi atatu."

Ndiwo a Fuluviyo amenewo, Mtaliyana wa zaka 81. Bambo awo anali ometa tsitsi, ndipo iwo ali mwana ankatsanzira makasitomala mpaka wina wopanga mafilimu anawatola. Ntchito yawo m'mafilimu oseketsa inali imodzi basi: kufa. Amagona m'bokosi, mkazi nkumalira uku akuulula zoipa zawo zonse, iwo nkudzambatuka kuti atsutse. Mafilimu otere atatha fasho, anabwera kuno ku Mangalande nkumagulitsa ayisikilimu pagalimoto m'tauni ya Hanley.

Lachitatu lililonse ndimapita kukacheza nawo. Chizungu changa chimathera pa "thenkyu", chawonso n'chothyokathyoka, koma timamvana bwinobwino. Ine ndimawasimbira za kwathu ku Ntcheu ndi manja ndi nkhope, iwo amandiikira matepi awo a vidiyo. Aphungu, tsiku loyamba ndinaseka mpaka duku linagwa! Kuno kozizira kuno, mnzanga weniweni ndi ameneyu.

Tsono vuto nali. Pa Khirisimasi ikubwerayi akufuna kufa komaliza pamaso pa okalamba anzawo, ndipo wamasiye wolirayo akuti ndikhale ine. Anandionapo ndikuwasonyeza mmene timalirira maliro kwathu. Ndiye kudzera mwa Enifa anati, "Mayi Vera, akazi anga a m'mafilimu ankalira ngati amphaka. Inu mumalira ngati munthu." Ine ndinati, "Bambo inu, kwathu kulira munthu wamoyo n'kulaula. Mukadzafadi Januwale, anthu adzati wakuphani ndani?" Anangonyamuka nakadzitsekera kuchipinda osatsanzika. Kuwataya sindikufuna, koma mantha ndili nawo. Nditani?

Ndaiwala kunena: titasiyana choncho, mmawa mwake Enifa anawapeza ali gada pabedi, atavala suti, manja pachifuwa, duwa pamwamba. Anakuwa mwana wanga. Iwo anatsegula diso limodzi nkuti, "Kawauze amayi ako, kufa wopanda wokulira n'zochititsa manyazi."

V.M., Erdington, Birmingham

Mayi V.M.,

Mantha anu sindikuwaseka, tonse tinakula tikumva zimenezo. Koma taganizani: munthu waliridwa maulendo makumi atatu ndipo wakwanitsa zaka 81. Misozi yanu ndiye ikhale yoyamba kumutha? Bamboyu sakupempha maliro. Akupempha ntchito yake, yomwe anaisiya kalekale, ndipo mwa anthu onse wasankha inu chifukwa waona luso.

Lachitatu lino pitani, musadikire kuti ayambe ndi iwo. Enifa awamasulire bwino chomwe kulaula kumatanthauza kwathu, adziwe kuti simunawanyoze. Kenako ikani malamulo anu. Bokosi ayi, agone patebulo. Dzina lawo lenileni lisatuluke pakamwa panu, muwapatse lina la sewero, kuti woliridwayo akhale munthu amene kulibe. Ndipo musalire kulira kwa kumanda. Lirani za nkhonono zawo, za kuumira kwawo, za masokosi onunkha, mpaka adzuke kudzakutsutsani. Mayina a abale anu omwe anatsogola asalowemo, amenewo si oseweretsa.

Akulu a panyumbapo adziwiretu, okalamba enawo auzidwenso kuti ndi sewero, kuopa wina angakomoke. Enifanso awadzudzule a Fuluviyo: kuopseza manesi mmamawa si nthabwala.

Mukayesera kamodzi mtima nkukanabe, nenani poyera, ndipo tsikulo muimirire musimbe mbiri ya moyo wawo iwo akuchita zawo pambali panu.

Koma ndikuchenjezeni. Pa msinkhu umenewo tsiku limafika nthawi iliyonse, mulire kapena musalire. Likadzafika musadzadziimbe mlandu. Chomwe chingadzakuwaweni zaka zambiri n'chakuti mnzanu anakupemphani kuti museketse anthu limodzi, inu nkumukaniza.

Aphungu