Woweruza Amene Akuyendera Bambo

Wokondedwa mlongo wanga Rowland,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Maureen ndi ana kumeneko ku Dunedin. Kuno tilipo, kungoti Bambo mutu ukunka nusokonekera. Dzulo amafuna mkanjo wawo wakuda uja, ati akaphunzitse Chilatini.

Ukumukumbukira Crispin Aldersley, mnzako amene munkakhala desiki imodzi? Pano ndi woweruza wamkulu, ndipo mwezi wamawa sukulu yathu ija itcha holo yatsopano dzina lake. Chithunzi chake achipachika kale pafupi ndi cha Bambo.

Munthu ameneyu zaka zonsezi sanatumizepo ngakhale khadi la Khirisimasi. Lero Lamlungu lililonse ndi uyu pakhomo, keke ili m'manja, ati akudzathokoza aphunzitsi ake. Ine mtima wanga ukukana. Mafunso ake sachoka pa chaka chimodzi, chija mapepala a mayeso anabedwa pa tebulo la Bambo, iwe n'kuchotsedwa sukulu. Amandifunsa ngati Bambo amaitchulabe nkhaniyo, ndiponso ngati iwe umalemba kalata. Munthu wodzathokoza amafunsa zimenezo?

Sabata yatha ndikubwera ndi tiyi, ndinapeza Bambo atamugwira dzanja, akulira. Amamuitana dzina lako. Amati ankadziwa kuti sunabe ndiwe, koma anaopa kuti anthu anena kuti mphunzitsi akuikira kumbuyo mwana wake. Ndinadikira kuti Crispin awauze kuti iye si Rowland. Koma anangoti, "Ndakukhululukirani, Bambo." Kenako anawafunsa motsitsa mawu ngati akumudziwa amene anaba. Atandiona pakhomo, anayamba kuyamikira tiyi asanamulawe n'komwe.

Zinandiwawa, Rowland, mpaka pano zikundiwawabe. Bambo tsopano akugona bwino, akuuza aliyense kuti mwana wawo anabwera ndipo nkhani inatha.

Umboni woti anaba ndi Crispin ndilibe, ndipo iwe pa nkhaniyi sunayambe watsegulapo pakamwa. Za holo zisiye, aitche dzina limene akufuna. Ndikupempha chimodzi: bwera Bambo akadatha kukuzindikira, chifukwa adokotala akuti masiku otero atsala ochepa. Kaya udzawakhululukira kaya ayi, zili ndi iwe. Koma yankholo alimve kuchokera pakamwa pako, osati pa Crispin.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wako,
Philippa