Dzanja Langa Pakhomo la Sukulu

Lolemba, 15 Sepitembala 1952

Andisankhanso! Lamulungu, tsiku la chisankho, ndine woima pakhomo la sukulu, kugawa mapepala a voti a Chipani cha Alimi. Nanga akanasankha ndani? M'dera lathu lonse la Småland mulibe wa dzanja lalitali ngati ine Torvald. Ndikatambasula, pepala limamupeza munthu asanatsike panjinga. Lole yanga ya mkaka ndaimata zithunzi za chipani mpaka ng'ombe zayamba kuwerenga, ndipo hutala yake ikumveka ku Denmark.

Koma Bambo anga. Ndafika pathandala lawo la mkaka m'mawa, ndaimba hutala monga mwa masiku onse, iwo ali chilili pambali pa chigubu, kaliwo kukamwa, moni wa m'mphuno. Chilowereni atsogoleri athu m'boma limodzi ndi ofiira a Chipani cha Antchito chaka chatha, mdala amandiona ngati ndinasaina ndine. Ine, amene dzina langa lomwe ndimalemba lilime lili panja! Nthambi ya chipani m'mudzi muno anaiyambitsa ndi iwo. Pakhomo pajanso ankaima ndi iwo mpaka msana unakana, n'kundisiyira. Chaka chino ndikufuna chimodzi basi: alandire pepala m'dzanja langa, anthu akuona.

Lachitatu, 17 Sepitembala

Sixten wa kocheka matabwa, wogawa mapepala a ofiira, wandiimitsa pamlatho. "Mlamu, nditengeko!" Ndati ulamu wake uti? Akuti, "Zipani zathu zinakwatirana, sunamve? Mkazi ndinu." Ndamuuza kuti ife ku ukwatiwo tinabwera ndi batala, iwo anangobwera ndi mimba. Taseka mpaka lole kufuna kulowa m'ngalande.

Tsoka ilo, tadutsa Bambo akukumba mbatatesi. Aweramuka, ationa tonse awiri kutsogolo, mano pamtunda.

Lachinayi, 18 Sepitembala

Pathandala chigubu chokha. Chithunzi chimene ndinamatapo chang'ambidwa. Si mphepo ayi, mphepo sipinda zinyenyeswa n'kuziika pansi pa mwala.

Loweruka, 20 Sepitembala

Mkazi wanga Elvy wandipatsira mabanzi kuti ndikawapatse Bambo. Andithirira khofi, poti kuno ngakhale wakuba samanidwa khofi. Ndayamba zanga zija: mtengo wa batala waima chifukwa tili m'boma, nduna zathu zikukhala patebulo lalikulu. Iwo: "Galu nayenso amakhala patebulo. Kunsi kwake."

Ndati Bambo, mawa ndidzakutengeni palole. "Miyendo ndili nayo." Chabwino, nanga pepala? "Wamaliza khofi wakoyo?"

Elvy akuti, "Inu a Torvald, pakamwa panupo padzakugwetsani." Ndi zoona ndauza kale madalaivala onse kuti mdala adzayambira kwa ine. Adzabwera. Munthu sataya chipani chimene anabereka yekha. Mwana kaya.

Lamulungu, 21 Sepitembala

Tinaima asanu pakhomo, chipani chilichonse munthu wake, ine kumapeto pafupi ndi chitseko. Ulemu wake aliyense amaudziwa: umalandira pepala kwa wogawa aliyense, kuti pasapezeke wodziwa limene uike mu envelopu ya voti. Abusa omwe amalandira la mkomyunisiti, n'kuthokoza. Ndagawa ine, anthu inu! Dzanja kutentha ngati injini.

Bambo anabwera titatuluka m'tchalitchi, atavala suti ya pamaliro a Amayi. Pang'onopang'ono, ndodo patsogolo. Analandira la a Kumanja, eni minda ikuluikulu aja, n'kuvula chipewa. Analandira la chipani cha aphunzitsi. Analandira la Evald mkomyunisiti, yemwe anamuthamangitsapo pakhola ndi fosholo ya ndowe. Anafika pa Sixten. "Zikomo, Sixten." Analandira!

Ine ndinali nditasankha kale pepala losapindika. Ndinatambasula, ndikumwetulira mpaka m'makutu. "Bambo."

Anandidutsa ngati mtengo wa telefoni.

Pabwalo amayi a zipewa onse maso pansapato. Dzanja lalitali la Småland lili m'malere. Sixten akanaseka zikanakhala bwino, ndikanamutukwana. Koma anangonong'ona, "Tsitsa dzanja, mlamu."

Ndimuphe ndani? Akuluakulu kulikulu ku Stockholm akudyera mbale imodzi, wotsuka mbaleyo ndine.

Lolemba, 22 Sepitembala

Wailesi ikuti tataya mipando, a Kumanja akwera. Ukwati uja akuti upitirirabe. Madalaivala anzanga palibe wandiseka, onse aulemu ngati ndaferedwa.

Ndinkati pathandala ndipeza chigubu chokha, koma Bambo anali pomwepo. Ndatsika. Andiyang'ana kumaso, koyamba chiyambire chaka.

"Pepala lija ukadali nalo?"

Mtima unadumpha ngati thole. Linali m'thumba la jekete, sindinalitaye. Ndinaliwongola pabondo n'kupereka ndi manja awiri. Analandira. Analiwerenga lonse, dzina ndi dzina, milomo ikugwedera.

"Dzulo ndinaponya envelopu yopanda kanthu," anatero. "Ine, Anshelm. Yopanda kanthu."

Kenaka analipiringiza, anakhwatcha machesi, lawi linagwira, n'kuyatsira kaliwo. Anakoka utsi kufikira pepala linawatentha zala.

"Likuyaka bwino. Nyamula chigubu, mkaka ungasase."

Ndanyamula. Hutala sindinaimbe.