Chakudya cha Dzanja Limodzi

Loweruka, 9 Novembala

Okondedwa Achimwene,

Lero kunacha ndi kamvula kowaza, kaja kongonyowetsa fumbi n'kuleka. Ndinadzuka ndikumva madontho pa malata a khonde, wailesi ya aneba, ndi ndodo ya Ababa ikugogoda simenti popita kubafa. Ndinaima pa zenera la kukhitchini mtima uli m'mwamba, chifukwa mvulayo ikanalimba ulendo wathu ukanathera pomwepo, ndipo Ababa akanapeza chonamizira. Koma pomwe timamwa tiyi dzuwa linali litatuluka.

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndi ntchito yomwe. Kuno tilipo. Pa foni Amayi amakuuzani kuti Ababa akupezako bwino, ndipo sanama: mwendo ukuyenda, mawu akumveka. Chimene sakuuzani n'chakuti chitulukireni m'chipatala ndi matenda ofa ziwalo aja, Ababa sanadutsepo pa geti, ndipo sadya pamaso pa munthu. Dzanja lamanja limangokhala pamwendo ngati la munthu wina. Chakudya amalandirira pakhomo la chipinda, n'kutseka.

Za ulendowu anayambitsa ndi Kambalame, chitsirizira wathu. Wakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo anaguluka onse, koma pakamwa sipatsekabe. Amayi atamufunsa mphatso imene akufuna, iye anati, "Kukaona abakha ku paki kuja. Ndi Ababa."

"Upite ndi amako," anatero Ababa ali m'chipinda.

"Amayi amaopa abakha."

"Ine? Wakuuza ndani?" anafunsa Amayi.

"Ndiye muyambe kuwaopa."

Anawaumiriza Ababa sabata yonse mpaka anavomera. "Tikaona abakha akowo n'kubwerako," anatero. "Koma zodyera kumeneko ayi."

Ine ndinadziuza mumtima kuti akadya. Ku paki kuja amagulitsa tchipisi ndi zakumwa zotsekemera zokhazokha, ndipo anamwino anatiuza kuti mchere ndi mafuta zichepe, zokazinga ayi. Ndiye ndinapempha Amayi kuti za chakudya andisiyire. Ndine amene ndimachotsa mbale m'chipinda mwa Ababa, choncho ndimadziwa zimene zimabwerera. Lalanje limabwerera ndi khungu lake. Msuzi umabwerera, wina uli pa malaya. Zimene zimatha ndi zotola ndi zala zitatu, zosadontha. Sabata yonseyi pa nthawi yopuma ku sukulu ndakhala ndikudya ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'thumba, kuti ndione chovuta n'chiti. Ndimadyera ndekha kuseri kwa laibulale kuyambira kale, ndiye palibe anadabwa.

M'mawa muno ndinawiritsa mazira. Nkhuku ndinaphika ndi adyo ndi mandimu m'malo mwa mchere. Ndinatenganso nkhaka, karoti wofutsa pang'ono kuti afewe, nthochi ndi buledi wabulauni. Botolo la madzi ndinaliumitsa m'furiji, n'kulikulunga m'kathaulo pakati pa chikwama kuti zinthu zisasase. Za ife atatu ndinangoziunjika m'kontena yaikulu, mazira ndi makoko ake, nkhuku ndi mafupa ake. Za Ababa ndinaika m'kontena yaing'ono payokha. Ndinasenda zonse, ndinachotsa mafupa, ndinaduladula tizidutswa tokwana pakamwa, n'kutindandalika bwinobwino. Ndinadziona kuti ndine munthu wanzeru, Achimwene.

Mu basi Ababa anakhala ku zenera, chipewa atachitsitsa mpaka m'maso. Ku paki tinapeza benchi pansi pa mtengo. Iwo anakhala pa benchipo, ife tinayala nsalu pa udzu. Bakha wina anathamangitsa Kambalame mpaka nsapato inavuka, ndipo ndinamva Ababa akuseka, kaphokoso kakang'ono kotulukira mbali imodzi ya pakamwa. Amayi anandiyang'ana. Ndinaona kuti nthawi yake ndi yomweyo, ndiye ndinatsegula chikwama, n'kuika kontena yaing'ono pamwendo pa Ababa.

Anaitsegula ndi chala chachikulu. Anayang'ana m'katimo, kenaka anayang'ana m'kontena yathu.

"Izi ndi zanga?"

"Inde, Ababa. Simuvutika nazo."

"Wanditafuniratu, kapena kutafunako wandisiyira?"

Sanakalipe. Anangovundikira pang'onopang'ono. "Idyani," anatero. "Mukatha tizipita."

Ndinamva nkhope ikutentha. Ndinali nditaganizira za dzanja, za mchere, za malaya, koma sindinaganize kuti munthu amayang'ananso m'mbale ya mnzake. Anthu ankadutsa ndi ana awo, ndipo ine ndinkangoona makontena awiri aja, ya anthu ndi ya wodwala.

Kambalame anabwera akupuma wefuwefu, nsapato ili m'manja. Anasuzumira m'kontena ya Ababa.

"Zodulazi ndi za Ababa? Wopanda mano ndi ine. Iwo ali nawo onse."

Anailanda, n'kuika dzira lake la makoko pamwendo pa Ababa, pamodzi ndi mwendo wa nkhuku pa kapepala.

"Iwe," anatero Amayi.

"Wandibera," anatero Ababa.

"Tasinthana," anayankha Kambalame, m'kamwa muli kale nthochi.

Dziralo linayamba kugubuduka, ndipo Ababa analigwira lisanagwe. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analigogoda pa thabwa la benchi. Ananyamula dzanja lamanja lija ndi lamanzere, n'kuligoneka chagada pamwendo, n'kuikamo dziralo, monga ankapanira thabwa ku ukalipentala asanayambe kupala.

"Gwira apa, waulesi iwe," analiuza dzanjalo. "Miyezi yonseyi ukungodyera mnzako."

Anayamba kusenda ndi chikhadabo. Dziralo linapulumuka n'kugwera pa nsalu. Ndinati ndilitole, koma Amayi anandigwira pamkono mwamphamvu, osandiyang'ana n'komwe, akufunsa Kambalame kuti bakha wamkulu ndi uti. Ababa anawerama okha, analitola, n'kuyambiranso. Pomwe amamaliza, dziralo linali ngati lajomphedwa ndi nkhuku. Analidya lonse. Zina zinatsalira pachibwano, anapukuta okha ndi kampango kawo. Mwa anthu odutsa aja palibe anacheuka.

"Mchere uli kuti?" anafunsa.

"Anamwino anakana," ndinatero.

"Ana inu mudzandipha ndi thanzi."

Anatenga mwendo wa nkhuku uja n'kuudya mosavuta konse, atagwira fupa. Ine sabata yonse ija ya kuseri kwa laibulale sindinaone kuti fupa ndi chogwirira. Atatha anatambasula dzanja, Amayi n'kuwapatsa nkhaka ya m'kontena yaikulu.

"Mandimuwa ndi nzeru ya ndani?" anafunsa akuyang'ana ku madzi.

"Yanga, Ababa."

"Hm. Ulendo wina usadule. Udzangonditengera mpeni wanga wopinda uja."

Mwamva, Achimwene? Anati ulendo wina.

Pobwerera, basi itafika pa shedi ya akalipentala pamene ankagwira ntchito, Ababa anagogoda ndodo pansi kuti itsitse. Ndinaimirira kuti nditsike nawo, koma anati, "Inu pitirirani."  Amayi anangowaikira nthochi zotsala m'thumba la jekete. Ndinawaona pa zenera lakumbuyo ataima m'mbali mwa msewu, akukweza chipewa chija pang'ono. Kuchokera pa shedipo kufika kuno ndi mtunda ndithu kwa munthu wa ndodo, ndipo pali ngalande ija yopanda mlatho wabwino. Kalatayi ndikulemba ndili pakhonde, pamene geti limaoneka.

Ndili ndi pempho limodzi. Mukaimba foni, musamangofunsa Amayi kuti Ababa ali bwanji. Muziti apatseni foniyo. Amachedwa kupeza mawu ena, koma musawamalizire, ingodikirani. Sanena, koma foni ikalira amatsitsa wailesi ya m'chipinda mwawo.

Za ine musade nkhawa. Mayeso ali pafupi ndipo ndikuwerenga. Pa bedi lanu ndimaikapo mabuku, koma mukangonena tsiku lobwera ndichotsa.

Amayi akupereka moni. Akuti muzidya zamasamba, osati buledi ndi tiyi basi. Ali pano pambali panga akusoka batani la malaya amene sanathothoke batani. Kambalame akuti ndikuuzeni kuti bakha uja ndi amene anayamba. Ababa sanandipatse moni woti ndilembe, koma tsiku lina anandifunsa ngati kumeneko kumazizira, ndiponso ngati juzi ija munatenga.

Kunyumba tinafika atatu, Amayi, Kambalame ndi ine, dzuwa likadali pamutu. Ababa alowa pa geti posachedwapa, dzuwa litapendeka, utuchi uli pa thalauza. Abwera ndi mnzawo wa ndevu uja wa pa shedi, amene amayenda pambuyo pawo manja ali kumbuyo. Akhala onse awiri pa tebulo la pabalaza, ndipo Amayi apita kukatereka madzi a tiyi.

Ndine mng'ono wanu,
uja mumati Maso