Bondo Langa Lakwera Phiri

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ife kuno ku Newcastle tili bwino. Ndikudziwa kuti bondo langa la opaleshoni lija likukusowetsanibe mtendere.

Loweruka ndinakwera phiri ndi anamwino anzanga, kukaona kanyanja ka pamwamba pa phirilo komwe kanakumbidwa kalekale ndi madzi oundana. M'njira munali milu ya miyala. Ine poyesa ndi manda ndinkailambalala mwaulemu, mpaka ndinasochera mu nkhungu. Mnzanga Chisomo anakuwa akuseka: "Achemwali, bwererani! Miyalayo ndi yolozera njira!"

Ndinaitsatira, ndipo ndinakafika popanda wondigwira dzanja. Ndachiradi, Amayi.

Nanunso paja adokotala anati muziyendako. Tayambani ndi kachitunda kakutchalitchi kaja, pang'onopang'ono. Ambuye akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Tadala