Dzina la pa Chikwangwani cha ku Chankhandwe

Sukulu ya Pulayimale ya Kambalame,
Vubwi.
11 Meyi, 2025.

Okondedwa achimwene a Obadiya,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumapiri a ku Austria ndiponso kuti kuzizira kwayamba kuchepa. Kuno tili m'kati mokolola. Mtedza takumba kale, chimanga chili pa mikukwe, thonje layamba kuyera. Amayi miyendo ikuwavutabe m'mawa, koma akudya bwino. Kalatayi ndalemba papepala, ndipo ndiijambula ndi foni kuti ikupezeni lero lomwe. Ndikanakuimbirani, koma pafoni mumandiseketsa msanga, ndiye zimene ndikufuna kunenazi ndikanazisiyanso monga ndakhala ndikuzisiyira masabata asanu apitawa.

Ndiyambe ndi mitengo, popeza ndiyo mumafunsa nthawi zonse. Mbande zimene kampani yanu inatigulira zambiri zagwira. Mbawa za m'mbali mwa kasupe zafika m'mawondo, mitangatanga yaposa pamenepo. Chiswe chadya ina kumtunda kwa thanthwe, koma si yambiri. Ana anga a giredi seveni amaseka ndikawauza kuti kumene mumaphika inu, anthu amalipira kuti atsetsereke pa chipale atamanga matabwa kumapazi. Akatha kuseka ndimawafotokozera zija munandiuza: kuti kampaniyo imagula mkaka ndi tchizi kwa alimi a m'midzi ya m'phirimo, imabzalanso mitengo pamene inadula njira, ndipo alendo imawakweza ndi mabasi kuti magalimoto asachuluke. Ndimawauza kuti eni kampaniyo ali ndi mantha ofanana ndi athu, chifukwa chipale chawo chikuchedwa kugwa monga mmene kasupe wathu akufulumirira kuuma. Atalola antchito ochokera kutali kuti atchule phiri la kwawo lofuna thandizo, inu munatchula Chankhandwe, lomwe tinalimeta tokha ndi makala ndi zigafa za fodya. Chimenecho sitidzaiwala.

Tsopano nkhani yeniyeni. Alamu anu a Lazarous sali pakhomo pano. Ali kwawo ku Sinda kuyambira pa 6 Epulo, ndipo wolakwa ndine.

Mwakhala kunja zaka zisanu ndi zinayi, ndiye mundilole ndikukumbutseni zimene mukuzidziwa kale. Mkamwini amalima munda wa akuchikazi, amamanga nyumba, amalera ana, koma sabzala mtengo wokhalitsa. Chimanga chimatha chaka chomwecho. Mbawa imakhalapobe mwini dzanja ataikidwa kale m'manda, ndipo abale ake akhoza kudzabwera n'kuiloza kuti apa ndi pathu. Amuna angawo, bambo a Mthunzi, zimenezi ankazisamala kuposa ine. Mu Disembala monse anakumba maenje, anasenza manyowa, anatunga madzi pa njinga. Koma mbande sanaike m'dzenje ndi dzanja lawo ngakhale imodzi. Akakumba ankaima pambali, n'kuitana amayi kapena mmodzi wa azimayi a m'mudzi kuti aike ndi kukwirira. Azimayiwo ankawaseka.

"A Sakala, kodi mbandeyi ikuluma?"

Iwo ankangoti, "Ikani inu eni ake, ine ndine khasu chabe."

Mu Januwale munatumiza fomu ija yofuna dzina la munthu wosamalira nkhalango, loti lilembedwe pa chikwangwani. Ndinawawerengera tili pakhonde.

"Lembani dzina la amayi, kapena lanu," anatero. "Ine ndine mlendo pano."

"Mlendo wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi?" Ndinaseka.

"Ngakhale zitakwana makumi anayi, amake Mthunzi."

Ndinavomera ndi pakamwa. Mawa lake kusukulu ndinalemba dzina la amuna anga. Ndinkafuna kuti anthu akutaliwo adziwe amene manja ake anatupa ndi ntchitoyo. Ndinalinso ndi kudzikuza kwa mphunzitsi, kuganiza kuti zimenezo ndi zakale ndipo palibe angazilabadire. Kenaka ndinaiwala.

Chikwangwanicho anachipenta ku Katete, chinabwera pa minibasi Lachisanu loyamba la Epulo, ndipo amene anachibweretsa anakachizika yekha pansi pa phiri ine ndili m'kalasi. Woyamba kuchiona anali amalume a Cosmas, akuchokera kudimba. Ine ndikufika pakhomo masana, iwonso akulowa. Bambo a Mthunzi anali akumata nkhokwe, matope mpaka m'zigongono.

"Akamwini, zikomo kwambiri," anatero amalume. "Sitinadziwe kuti phiri lija munabwera nalo kuchokera ku Sinda pa njinga."

Bambo a Mthunzi sanamve chimene akunena. Amalume anawawerengera pang'onopang'ono monga analowezera: Nkhalango ya Chankhandwe, wosamalira Lazarous Sakala. Anakumbutsa za kutsidya kwa mtsinje, kumene mkamwini wina anabzala bulugamu, ndipo atamwalira adzukulu ake anabwera ndi macheka ndi mapepala, mkazi wamasiye n'kutsala ndi zitsa. Amalume sanakalipe, achimwene.

"Ine sindilola kuti ana a mlongo wanga adzasowe pokhala chifukwa cha penti. Ndani anapereka dzinali?"

Ndinali chiimire pakhomo, mabuku ali m'manja, choko chili ku zala. Bambo a Mthunzi anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuweramitsa mutu.

"Ndamva, amalume. Ndalakwa."

Ine ndinakhala chete. Ichi ndicho chinthu chimene sindinauze munthu aliyense, ngakhale amayi. Ndimaphunzitsa ana kuti wolakwa aziimirira yekha, koma tsiku limenelo ndinaona mwamuna wanga akusenza mlandu wanga ndipo pakamwa panga sipanatseguke.

Amalume anati abwerere kwawo mpaka ankhoswe a mbali ziwiri adzakumane. Bambo a Mthunzi anamaliza kaye kumata nkhokweyo. Lamulungu titachoka kutchalitchi anamanga chikwama pa njinga, ine n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Ndinawauza kuti ndibwerera ndikaulule.

"Mukanena, adzati mwana wawo wapereka phiri kwa mwamuna," anandiyankha. "Ine ndili ndi kwathu kothawira. Inu kwanu ndi konkuno."

Ndinawamvera, osati chifukwa ananena zoona, koma chifukwa zinandipeputsira mantha.

Loweruka lapitali ndinakawaona. Akukhala kwa mlongo wawo, m'kanyumba kosungiramo thonje, ndipo akumuthandiza kutola. Aonda. Munthu wa zaka makumi asanu, amene anamanga nyumba ya njerwa ndi manja ake, akugona pakati pa mabelo. Sanadandaule. Anandifunsa za miyendo ya amayi, kenaka anandijambulira pansi ndi kamtengo pamene tiyenera kulambula udzu kuzungulira mbande, osaka mbewa asanayambe kutentha tchire. Anati tiyambire kumadzulo, chifukwa moto wa chaka chatha unachokera kumeneko. Mlongo wawo sanandipatse mpando. Sindikumuimba mlandu.

Ankhoswe adzakumana Loweruka pa 24 Meyi, pakhomo pa amayi, nthawi ya teni koloko m'mawa. Ndatsimikiza mtima kuti ndidzaimirira ndi kunena kuti dzanja linalemba ndi langa, ndiponso kuti bambo a Mthunzi anandiletsa. Koma ndikudziwa kuti mawu anga okha sadzakwana. Ena adzati ndikuteteza mwamuna. Ena adzati anandituma.

Amalume akunena kuti anakuimbirani, ndipo inu munawayankha kuti achite monga mwa mwambo. Sindikufunsani ngati zili choncho. Ngati munatero, munayankha pa zimene munauzidwa, ndipo zimene munauzidwazo zinali zoperewera chifukwa cha ine. Ndangoona kuti kuyambira tsiku limenelo mumafunsa za mbawa ndi za amayi, koma dzina la alamu anu simulitchula.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, mukalankhule ndi akuluakulu a kampani kuti atilole kusintha chikwangwani, palembedwe dzina la amayi m'malo mwa mbumba yonse. Muwafotokozere bwino, asaganize kuti wosamalira analephera ntchito. Munandiuza kuti iwo asanakhudze msipu wa ng'ombe m'phiri mwawo amayamba akhala pansi ndi alimi a m'midzimo, ndiye ndikhulupirira adzamvetsa kuti kunonso nthaka ili ndi eni ake ndi njira zake. Fomu yawo inalibe cholakwa. Inafunsa funso labwino, ine ndinayankha ngati munthu wosakulira pano.

Chachiwiri ndicho chachikulu. Tsiku limenelo mukhale pafupi ndi foni, mupemphe kuti akumasuleni kukhitchini ngakhale kwa ola limodzi. Mitengoyi inabwera kudzera mwa inu, ndipo amalume akadzapuma, woyang'anira mbumba adzakhala inu. Mukanena pamaso pa ankhoswe kuti nkhalangoyo ndi ya mbumba, kuti a Sakala sanalande kanthu, ndi kuti mukufuna abwerere, amalume adzamva. Iwonso sakusangalala. Dzana ndinawapeza ataima nthawi yaitali pa nkhokwe ija, akuisisita ndi dzanja, ndipo atandiona anati akufuna nkhuku yawo yotayika.

Zikakanika, ndidzapempha kuofesi ya maphunziro kuti andisamutsire ku Sinda, ndikakhale mtengwa kwa eni mwamuna, ngakhale osandipatsa mpando. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni. Ndikudziwa kuti amayi adzatsala okha, ndipo ndikudziwa chimene moto wa mu Julayi udzachite kuphiri. Ndangofuna kuti mudziwiretu, musadzamve kwa ena. Alamu anu anakhala mlendo kwathu zaka zonsezi osadandaula. Inenso ndingathe kukhala mlendo kwawo.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda ngakhale dzuwa litawala. Iwo akuganiza kuti ndikulemba za mitengo basi. Ndiwauza madzulo ano, kalatayi ikangopita. Mthunzi ali bwino kusukulu ku Katete, ndipo akudziwa kuti bambo ake anapita kukathandiza azakhali ake thonje. Zinazo ndidzamuuza ndekha pamaso. Azimayi a kuphiri akuti zikomo, ndipo akufunsa ngati chipalecho chimadyedwa.

Moni wa alamu anu ndilibe, chifukwa sakudziwa kuti ndakulemberani, ndipo akanadziwa akanandiletsa. Nambala yawo ndi yomwe ija. Mukawaimbira iwo musanandiyankhe ine, sindidzadandaula.

Ndine mlongo wanu,
Emelia.